Timitengo tiwiri pa mkono wa mlamu wanga

Inu owerenga, ine ndine mayi amene ndinalowerera za m'mimba mwa mayi mnzanga, ndipo zomwe ndinawononga sindingazibweze mpaka ndidzalowe m'manda. Sindikulemba kuti mundimvere chisoni. Chisoni ndatopa nacho, changa chomwe chikundikwanira. Ndikulemba chifukwa m'midzi yathu ino ya ku Mzimba muli akazi ambiri onga ine, amene alongo athu ali ku Joni ndipo anatisiyira makomo awo kuti tiziyang'anira. Enafe tinayang'anira mpaka zosatikhudza.

Ndimagulitsa kachewere ndi anyezi pa Jenda. Kwathu ndi kumudzi wina cha ku njira ya ku Luwawa. M'mimba mwa mayi athu tinakula awiri okha, ine ndi mlongo wanga Yotamu, yemwe ndi wamng'ono kwa ine.

Kuti mumvetse mtima umene ndinali nawo, ndiyambe ndi ng'ombe. Kwathu kuno mkazi amalowoledwa, ndipo ana amakhala a kuchimuna. Bambo athu analibe khola loti n'kudzitama nalo. Ng'ombe zoyamba kulowa m'khola mwathu zinali za malowolo anga. Zinakhala zaka zingapo, ndipo Yotamu atakula zinatuluka zonse kupita kwa a Lungu kukalowola mkazi wake, NyaLungu. Palibe chachilendo pamenepo. Ng'ombe za mwana wamkazi zimakwatitsa mlongo wake, ndi mmene timachitira.

Koma banja langa linali la misozi. Bambo a ana anga anali chidakwa, ndipo dzanja lawo silinkachedwa. Chaka chomwe Yotamu anakwatira, ine ndinathawira kwathu nditatupa diso. Bambo athu sanandikalipire. Anangonditenga mpaka kukhola, nandionetsa ndowe zouma, n'kundifunsa kuti ukwati ukatha tibweza chiyani. Ndinamanga chitenje changa n'kubwerera. Ndinapirira mpaka mwamunayo anamwalira. Zaka zonsezo, ndikamuona NyaLungu akuseka pakhomo pathu, mumtima ndinkati mkazi uyu wakhala pano ndi msana wanga.

Bambo athu atamwalira, mayi atakalamba, Yotamu ali ku Joni, mawu a pakhomo anatsala ndi ine. Katundu akatumizidwa ankafikira kwa ine. Mwana akadwala ankandifunsa ine. Kunena zoona, ndinkakukonda kufunsidwako. Munthu amene wakhala zaka zambiri akukhalitsidwa chete, akangopatsidwa mawu amayankhula mopitirira.

NyaLungu ndi munthu wofatsa, wamanja olimba pa ntchito, wosadziwa kubweza mawu. Anatiberekera ana atatu, onse aakazi. Woyamba anabadwa bwinobwino. Awiri otsatirawo anabadwa ndi mpeni ku chipatala chachikulu cha pa boma. Ine ndinkawakonda anawo, musandimve molakwa. Koma ana aakazi kwathu amapita. Ndinkafuna mwana wamwamuna woti adzatsale pa munda wa bambo athu, woti ndikamuona ndizinena kuti kumenyedwa kwanga kuja kunabala kanthu.

Tsiku limene zinayamba tinali kudimba, nyengo yozizira, tikukumba kachewere. Mwana wake womaliza anali atangokwanitsa chaka. Ndinkamuthandiza kusenza thumba, ndipo litapendekeka ndinamugwira mkono wakumanzere, cha mkati pamwamba pa chigongono. Pansi pa khungu ndinamva timitengo tiwiri, tating'ono ngati ta machesi. Ndinadziwa pompo. Pa msika timakamba zambiri, ndipo njira yolera ya pamkono sinali nkhani yachilendo kwa ine.

Anatsitsa thumba pansi n'kugwada pa dothi lonyowalo.

“Chonde mulamu, musakanene. Anesi anati ndipumule zaka zitatu. Mimba yanga yatopa chomene.”

Ndinamufunsa ngati mwamuna wake akudziwa. Anapukusa mutu. Anati ankaopa mwezi wa Disembala, chifukwa Yotamu amabwera kamodzi pa chaka ndipo akabwera safuna kumva zambiri. Anati buku lake la kuchipatala lili ndi zonse, ndikhoza kupeza wina andiwerengere. Bukulo sindinalifune n'komwe. Ndinamuuza kuti adzuke, asenze thumba.

Masiku atatu ndinayenda nayo nkhaniyo m'mutu. Chimene chinkandiwawa si kulerako ayi. Chinkandiwawa n'choti wachita yekha, osandifunsa, pa khomo limene ine ndinalilipirira ndi thupi langa. Tsiku lachinayi ndili pa benchi yanga pa Jenda, ndinatenga foni n'kumujambulira Yotamu mawu. Ndikanatha kungonena kuti mkazi wako waika za kulera chifukwa akuopa mpeni. Sindinatero. Ndinati, mkazi amene mwamuna wake amakhala ku Joni miyezi khumi ndi umodzi, akulera chiyani?

Inu owerenga, ndinkadziwa bwino lomwe kuti NyaLungu analibe mwamuna wina. Mkazi amene ulendo wake unali wa kudimba, kuchigayo ndi kutchalitchi. Koma ndinkadziwanso pamene pamawawa amuna athu a ku Joni. Amagona m'tizipinda ta malata kutali uko, mtima uli kumudzi, akuganiza za amene akulowa m'nyumba zimene akumangitsa. Ndinabaya pomwepo mwadala.

Yankho linabwera dzuwa lisanalowe. Achotse timitengoto, apo ayi abwerere kwawo kwa a Lungu, koma ana asiye. Anawonjezera kuti ine ndiye ndimuperekeze, ndikaone ndi maso anga.

Tinapita ku chipatala chaching'ono cha kwathu Lachiwiri m'mawa. Namwino amene tinamupeza anali mayi wa kuchigawo chapakati, wamaso akuthwa. Anawerenga buku, anamuyang'ana NyaLungu, kenako anandiyang'ana ine.

“Inu ndinu ndani wake?”

“Ndine mlamu wake.”

“Ndiye mukadikire panja, mayi. Mkonowu ndi wake.”

Ndinatuluka nditakwiya, ndikung'ung'udza kuti ana a masiku ano akavala yunifolomu amaiwala ulemu. Ndinakakhala pa benchi ya simenti ya pakhonde. Apa ndiye pali chinthu chimene sindinauzepo munthu. Benchi imeneyo ndinkaidziwa. Nditabereka mwana wanga wachinayi ndinaona kuti ndikapitiriza ndifa, chifukwa mwamuna wanga ankandimenya ngakhale ndili ndi pakati. Azakhali anga anandimangira chingwe cha mankhwala m'chiuno, chokhala ndi mfundo zitatu, nati mfundo iliyonse ndi chaka. Anati amayi a kale ankatero pamene sakufuna kuti amuna adziwe. Ine chingwecho sindinachikhulupirire kwenikweni, ndiye ndinayamba kuzemba miyezi itatu iliyonse, kuyenda wapansi mtunda wautali kudzabayitsa jakisoni pa chipatala chomwechi, kuti akuchimuna asandione. Buku ndinkasungitsa kwa mnzanga. Ndinalera mobisa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo n'chifukwa chake ndili moyo.

Ndinakhala pa benchipo ndikukumbukira zonsezo, koma sindinadzuke kukagogoda. Ndinadziuza kuti zanga zinali zina, mwamuna wanga anali woipa pomwe Yotamu ndi wabwino. Munthu akafuna kuchita choipa sasowa zifukwa.

Anakhalitsa m'katimo. Ndinamva pambuyo pake kuti namwinoyo anamufunsa katatu ngati ndi kufuna kwake, ndipo katatu konse anati enya, ndi kufuna kwake. Akanati chiyani, ana ake atatu ali pa sikelo ina, moyo wake uli pa sikelo ina? Anatuluka ndi kabandeji pa mkono. Ndinakajambula n'kutumiza ku Joni.

Disembala Yotamu anabwera ndi mabulangete ndi wailesi yaikulu. Pofika Febuluwale NyaLungu anali akusanza m'mawa. Ine ndinavina.

Ku sikelo anamuuza mosabisa. Mimba iyi ndi yoopsa, asayerekeze kudikira matenda ali kunyumba. Mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba apite ku chidikiro cha pa boma, akamuchita opaleshoni matenda asanayambe. Anamuuzanso kuti aganizire zotseka pa nthawi yomweyo, chifukwa chiberekero chong'ambidwa katatu sichoseweretsa. Iye anabwera n'kundifotokozera zonse, poti ine ndiye ndinali woti ndikamudikirire.

Mawu oti kutseka aja anandilowa ngati minga. Ndinayamba kuganiza kuti nanga akabadwanso wamkazi, iwo n'kutseka, ndiye kuti basi, nyumba ya bambo athu yathera pomwepo. Amayi ena pa msika anandilimbikitsa. Ankati achipatala masiku ano amangothamangira mpeni, munthu amene anaberekapo yekha akhoza kuberekanso. Ankati mpeni ndi wa akazi aulesi. Ndinasankha kumva zimenezo chifukwa ndi zomwe ndinkafuna kumva. Nzeru yanga inali yoti achire yekha, mwachangu, kunyumba kapena pa chipatala chaching'ono, kumene kulibe mpeni ndipo palibe amene angamutseke.

Mwezi wachisanu ndi chinayi utayamba, iye analongedza beseni lake, zitenje ndi kapoto. Ine ndinati tidikire tikumbe kaye kachewere. Titakumba ndinati tidikire tsiku la msika lipite. Litapita ndinati mayi akudwala chifuwa, sindingawasiye. Beseni lija linakhala pakhomo masabata atatu. M'mawa uliwonse ankaliyang'ana n'kundiyang'ana.

M'masiku omwewo ndinapita kwa mayi wina wachikulire amene kale anali mzamba, asanawaletse kubereketsa m'midzi. Ndinapempha mwanamphepo, mankhwala aja amene amafulumizitsa matenda. Mayiyo ndisamunamizire, anandifunsa ngati woyembekezerayo anang'ambidwapo. Anati wa chipsera sapatsidwa zimenezi. Ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti ndi za mwana wa mnzanga, mimba yachiwiri, sanaonepo mpeni.

Matenda anayamba Loweruka m'mawa, akusesa pabwalo. Ndinaphika phala, ndinathiramo mankhwala aja, ndinathiranso kachiwiri poganiza kuti zichite changu. Ndinamuuza kuti amwe apeze mphamvu za pa ulendo. Analawa, anaima pang'ono, anandiyang'ana, kenako anamwa lonse.

Sipanathe ola. Ululu unabwera motsatizana osampatsa mpata wopuma. Ndabereka ana anayi ine, ndaperekeza amayi ambiri, koma kulira kotere sindinakumvepo. Ankakanda pansi ndi zala. Kenako mwadzidzidzi anakhala chete. Ine wopusa ndinaganiza kuti zayamba kuyenda bwino. Nditamugwira ndinapeza wazizira, thukuta lili thupi lonse, milomo itayera. Mimba inali itasintha kaonekedwe. Anandiuza motsitsa kuti china chake chaduka mkati.

Tinamukweza pa galimoto yonyamula kachewere, pamwamba pa matumba opanda kanthu. Msewu wa fumbi uja, mabampu onse ankathera mwa iye. Pa chipatala chaching'ono tinapeza namwino yemwe uja. Anangomugwira mimba, n'kuthamanga kukaitana ambulansi. Pomuika madzi m'mitsempha anandifunsa kuti wamwa chiyani. Ndinati phala basi. Sananditsutse. Anandiyang'ana kamodzi, ndipo ndikanakonda akanandimenya mbama.

Pa boma anathamanga naye ku fiyeta. Ndinakhala pansi pakhonde kuyambira masana mpaka dzuwa litapendeka. Sindinapemphere, ndinkachita manyazi. Dokotala atatuluka anandiuza kuti chiberekero chinaphulika pa chipsera chakale, ndipo achichotsa chonse kuti apulumutse moyo wake. Anati wataya magazi ambiri, tikanachedwa pang'ono tikananyamula maliro awiri. Mwana anali atafa kale.

Sindinafunse, koma anandiuza. Anali wamwamuna.

Inu owerenga, taganizani. Ndikanamuperekeza tsiku limene analongedza beseni lija, mwanayo bwenzi pano akuthamanga pa munda wa bambo athu. Chimene ndinkachifuna zaka zonsezo chinali m'mimbamo, chamoyo, chikungodikira tsiku. Ndinachipha ndekha ndi supuni ya phala.

Mwana wobadwa wakufa kwathu saliridwa maliro. Amakaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, m'dzenje losazama. Ndinamunyamula ine, nditamukulunga mu kabulangete kamene bambo ake anatumiza kuchokera ku Joni. Anali wolemera bwino, watsitsi lambiri, mphuno ya bambo athu yeniyeni. Amayi a m'mudzi ankandipepesa, ankati ndalimba mtima, ndamuthandiza mlamu wanga. Ndinkangoti yewo.

NyaLungu anakhala m'chipatala pafupifupi mwezi. Ndinkamusambitsa, kumuchapira, kumudyetsa. Anthu a m'wodimo ankamuuza kuti ali ndi mwayi, alamu otere ndi osowa. Iye ankangotseka maso.

Disembala wa chaka chimenecho Yotamu sanabwere. Wotsatira wakenso sanabwere. Kenako tinamva kwa anyamata onyamula katundu kuti ali ndi mkazi wina komweko. Nditalephera kupirira ndinamuimbira n'kumuuza zonse, za mawu aja ndinamujambulira ndikudziwa kuti ndi bodza, za beseni, za phala. Ndinkayembekezera kuti anditukwana. Iye anangoti zinachitika basi, nanga titani, ndipo anadula foni poti anali pa ntchito. Nkhani imene inatha moyo wa mkazi wake, kwa iye inatha mu mphindi ziwiri.

Kwa NyaLungu ndinatenga chaka ndi theka kuti ndiyankhule. Anakhalabe pamudzi chifukwa cha ana ake, sangawasiye. Mpaka lero sasenza cholemera, ndipo kukazizira amayenda atagwira pamimba. Tsiku lina tili kudimba komwe kuja, iye atakhala pa mzere akusankha mbewu, ndinagwada n'kuyamba kufotokoza. Sindinafike patali. Anati za phala ankadziwa, linkawawa.

Ndinamufunsa chifukwa chimene anamwera.

“Nanga nkanakana, mbwenu mukanawauza chiyani a Yotamu?”

Anapitiriza kusankha mbewu zake, yowola uku, yabwino uku. Patapita kanthawi anafunsa osandiyang'ana, ndi mawu ake ofatsa omwe aja, ngati akufunsa za mvula.

“Mulamu, ng'ombe zanu zija zakwana tsopano?”

Sindinkadziwa kuti ankadziwa zimenezonso. Ndinkaganiza kuti nkhani ya ng'ombe inali ya mumtima mwanga ndekha, koma iye anaiwerenga pa nkhope yanga kuyambira tsiku limene analowa pakhomo pathu. Sananditukwane, sanakandinenere kwa abale ake, sanaleke kundipatsa moni. Timadyera limodzi mpaka pano. Kukhululuka sananenepo, ndipo ine ndilibe nkhope yokupempha.

Ndatopa, inu owerenga. Ndimadzuka, ndimapita pa msika, ndimaitanira makasitomala, ndimabwerera. Ana atatu aja amanditcha ankhazi, kutanthauza azakhali, amandithamangira ndikatsika pa njinga, sadziwa kanthu. Wamng'onoyo nthawi zina amafunsa kuti bwanji iye alibe kamlongo.

Ndiye mverani kuno, inu alongo a amuna, inu apongozi, inu nonse amene munasiyiridwa mkazi wa mwini kuti muzimuona. Malowolo amabweretsa mkazi pakhomo, koma amene amagona pa tebulo la mpeni ndi iye yekha, ndipo magazi amene amatayika ndi ake. Achipatala akanena kuti apumule, mulekeni apumule. Akanena kuti akadikire, nyamulani beseni tsiku lomwelo, kachewere sathawa. Musampatse woyembekezera chomwera chilichonse cha m'tchire, makamaka wa chipsera. Ndipo musatumize ku Joni mawu amene mukudziwa kuti akapsetsa mtima wa munthu ali kutali, chifukwa iye akapsa mtima tsiku limodzi, wopsa moyo wonse amakhala amene muli naye pafupi.

Inunso amayi anzanga amene munazunzika m'mabanja ngati ine, samalani ndi mtima woti poti ine ndinavutika, winanso alipire. Mlamu wanga sanandimenyepo. Amene anandimenya anagona m'manda mwamtendere, ndipo ine ndinakabwezera kwa munthu amene sankatha kundiyankha.

Kuyambira kale amayi takhala tikubisa, ena chingwe m'chiuno, ena buku kwa mnzawo, ena timitengo pa mkono. Sitibisa chifukwa cha uhule ayi, timabisa chifukwa tikufuna kukhala moyo tilere amene tabereka kale. Ine mnzanga uja anandisungira chinsinsi zaka zisanu ndi ziwiri. Ine cha mlamu wanga ndinachisunga masiku atatu.

Pa Jenda timathandizana kusenza katundu tsiku ndi tsiku. Mwezi wathawu ndinkathandiza kamtsikana kena kokwatiwa kumene, kamwana kali kumsana, thumba linapendekeka ndipo dzanja langa linagwera pa mkono wake. Ndinatimva timitengo tija. Anandiyang'ana ndi mantha omwe aja ndinawaona kudimba. Ndinachotsa dzanja, ndinagwira thumba, ndinamukonzera bwino pamutu, n'kumuuza kuti ayende bwino.